Nsomba Zisanu za Malemu Lonjezo

Kuseri kwa magolosale a pa Kamwendo, mukadutsa chigayo n'kukhotera kumanzere, kudali nyumba ya malata ya a Vitus Nkhoma. Anthu ankati m'nyumba imeneyo munthu akhoza kudyera pansi osafuna mbale. Simenti inkapakidwa polishi wofiira Lachiwiri ndi Loweruka, mawindo ankapukutidwa ndi nyuzipepala, ndipo pakhonde padali beseni la madzi ndi sopo kuti wolowa aliyense ayambe wasamba m'manja. A Nkhoma adagwira ntchito ku chipatala zaka makumi atatu ndi chimodzi, kuwiritsa malumo, mipeni ndi masingano a madokotala. Kumeneko adaona anthu athanzi akupita kumanda chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso, choncho adapuma ntchito ali ndi chikhulupiriro chimodzi chimene ngakhale abusa sakadachigwedeza: litsiro ndi imfa.

Akazi awo, a Esitele, ndi okhawo amene ankadziwa kuwaseka pa khalidwe limeneli mpaka eni akewo n'kuseka nawo. Atamwalira mu 1999, m'nyumbamo mudatsala ukhondo wokhawokha. Alendo adayamba kuchepa, pakuti palibe amakonda kucheza pamene mwini nyumba akungomuyang'ana kumapazi. A Nkhoma ankaphika okha, kudya okha, kutsuka mbale imodzi ndi kapu imodzi, kenako n'kukhala pampando kumvetsera wailesi mpaka mawu ake kusanduka phokoso chabe.

Mwana adali naye mmodzi, Lonjezo, amene ankayendetsa thiraki pakati pa Lilongwe ndi Lusaka. Lonjezo adadwala chaka chathunthu, thupi likutha ngati sopo wa pamwala, ndipo adatsikira kuli chete mu Ogasiti 2003. Adasiya mkazi, Malita, ndi ana awiri: Tamandani wa zaka zisanu, ndi Mayamiko amene adali atangoyamba kuyenda.

Maliro atatha, anthu atabalalika, a Nkhoma adaitana mpongozi wawoyo pambali.

"Amake Tamandani, ku boma kuja mukatsala ndi yani? Kuno zipinda zitatu zikungogona mphepo. Bwerani ndi anawa tidzakhale limodzi. Ine ndatopa kuyankhula ndi makoma."

Malita adagwada, nathokoza. Patapita sabata ziwiri adafika pa galimoto ya matola ndi matilesi, mapoto, ana, ndi katundu wina amene adaimitsa anthu pamsewu: thanki ya galasi, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu. Lonjezo adaigula ku Lusaka pamodzi ndi nsomba zisanu zofiira ngati lalanje lakupsa, zosadyedwa, zongosangalatsa maso. Nsombazo zidabwera m'ndowa. Koma padalinso kachidebe kena kovindikira kamene Malita adakafungatira pamiyendo ulendo wonse ngati mwana wodwala.

"Nanga umo muli chiyani?" adafunsa a Nkhoma.

"Ndi za m'sefa ya nsombazi, bambo. Sizifunika kuuma."

Malita adavundukula. M'madzi akuda mudali siponji ndi timiyala, zonse zitakutidwa ndi matope oterera onunkha kudambo. A Nkhoma adabweza mutu msanga, koma poti adali masiku a chisoni, adalola kachidebeko kulowa m'nyumba.

Malita adaika thankiyo pa tebulo la pabalaza, nalumikiza zonse monga ankachitira mwamuna wake. Sefayo idali kabokosi kopachika m'mbali mwa galasi. Kapampu ka magetsi kankakoka madzi, kuwadutsitsa mu siponji ndi timiyala tija, n'kuwabwezera m'thanki akugwa pang'onopang'ono ngati kamtsinje ka m'phiri.

Miyezi yoyamba a Nkhoma adaoneka ngati munthu wochira. Madzulo ankakhala kutsogolo kwa galasi, Tamandani ali pamwendo, akuwauza mbiri ya nsomba iliyonse. Yaikulu koposa, ya mchira wong'ambika, Lonjezo adaitcha Kondakitala chifukwa inkakankha zinzake pa nthawi ya chakudya. A Nkhoma adaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba siidafune kuleka, poti m'dzinalo adamva mawu a mwana wawo.

Koma ana ndi ana. Mayamiko ankakodza pa simenti yopolishidwa, phala linkagwera pa sofa, ndipo galasi la thanki linkadzaza tizala ta mafuta. Mvula itayamba mu Novembala, matope ankalowa m'nyumba ndi timapazi tinayi kangapo pa tsiku. A Nkhoma sankakalipa. Ankangonyamula chikolopa n'kumatsata ana pambuyo, kukamwa kuli kotseka, ndipo kukhala chete kumeneko kunkamulasa Malita kuposa mawu. Iye ankadzuka kusanache kukolopa, kuchapa, kupukuta, koma apongozi ake ankabwerezanso pomwe iye wadutsa kale.

Tsiku lina mu Januwale, Malita ali ku msika, Tamandani adatola khala n'kujambula pa khoma loyera la pabalaza. Adajambula thiraki ya matayala ambirimbiri, ndi munthu ali pawindo akukweza dzanja. Agogo ake atalowa, iye adawathamangira mokondwa.

"Agogo, taonani adadi."

A Nkhoma adaona khala pa laimu. Adatenga bulashi ndi madzi a jiki, nampatsa mwanayo kuti akweche yekha kufikira khoma litayera, kuti aphunzire. Malita pobwera adapeza mwana wake akukwecha uku akusisima, manja atafiira ndi kusupuka, theka la thiraki litafufutika kale. Adamulanda bulashiyo, namutsuka manja, namaliza yekha kufufuta mwamuna wake pa khomapo.

M'mawa mwake adagwada pakhomo la pabalaza.

"Bambo, mwatisunga bwino, Mulungu akudalitseni. Koma ndaganiza zopita kwa amayi ku Chiosya. Anawa akukuvutitsani."

Mawu oti "khalani" adafika pakhosi pa a Nkhoma, koma adakumana ndi ukulu wawo n'kubwerera.

"Ngati mwaganiza choncho, ine sindingakuletseni."

"Nsombazi ndizisiya, poti kwathu kulibe magetsi. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Siponji ya m'sefayi musamaichape ndi sopo kapena madzi otentha. Ikadzaza, muzingoifinya pang'ono m'madzi omwe mwatunga m'thankimo, n'kuibwezera ikadali yakuda. Madzi muzichotsa ochepa pa sabata, osati onse. Ndipo othiramo akhale a pa mjigo, opanda mankhwala. Bambo a Tamandani ankati matope amenewo ndiwo moyo wa nsombazi."

"Amake Tamandani," adatero a Nkhoma, "ine ndalimbana ndi tizilombo zaka makumi atatu. Za ukhondo musandiphunzitse."

Malita adaweramitsa mutu. Masana omwewo adakwera kabaza, Mayamiko ali kumbuyo, Tamandani pa njinga ina ndi mtolo wa zovala.

Nyumba idabwerera mwakale. Simenti idawala, sofa idauma, zinthu zidakhala pomwe zaikidwa. A Nkhoma adayendayenda m'zipinda zija, napeza kansapato kamodzi ka Mayamiko pansi pa bedi. Adakapukuta, nakaika pawindo. Tsopano zamoyo zotsala m'nyumbamo zidali iwo ndi nsomba zisanu, ndipo adalumbira mumtima kuti nsomba za mwana wawo azisamala kuposa mmene wina aliyense adazisamalirapo.

Loweruka adavala epuloni yawo yakale ya ku chipatala n'kuyamba ntchito. Nsomba adaziika m'beseni. Madzi onse a m'thanki adakataya kuseri. Atatsekula sefa ija n'kuona matope, adapukusa mutu kuti mwana wawo, mwana wa munthu wa chipatala, ankasunga zoterezi m'nyumba. Siponji adaichapa ndi sopo katatu n'kuiwiritsa mu poto mpaka idayera. Timiyala adativiika mu jiki. Galasi adalikwecha mkati ndi kunja. Pofuna kuti sefayo igwire ntchito koposa, adawonjezamo thonje ndi bandeji yatsopano, zosanjikiza bwinobwino monga ankakonzera zida za madokotala. Idali nyengo ya kolera, ndipo alangizi a zaumoyo ankagawa kolorini khomo ndi khomo. A Nkhoma sankalola dontho la madzi kulowa m'nyumba mwawo lisanathiridwe mankhwalawo, choncho a nsombanso adawathira muyezo wake.

Pomaliza, thankiyo inkaoneka ngati mulibe madzi, nsomba zikuuluka m'mwamba. A Nkhoma adakhala pampando, manja ali m'chiuno, nanena mokweza ngakhale padalibe womva:

"Lonjezo mwana wanga, ukadaona."

Pobwera ku tchalitchi Lamulungu adapeza ziwiri zazing'ono zikuyandama, mimba zili m'mwamba. Zitatu zotsalazo zidali pamwamba pa madzi, kukamwa kukutsekuka ndi kutsekeka ngati munthu wa chifuwa cha mphumu. A Nkhoma adaima nthawi yaitali, Baibulo likadali m'khwapa. Kenako adapeza yankho limene mtima wawo unkafuna: matenda adachokera m'matope aja, ndipo tizilombo tina tidapulumuka. Mankhwala ake n'kuchapanso.

Adachapanso Lolemba. Lachitatu madzi adachita mbuu ngati mwagwera mkaka, iwo n'kuwiritsanso siponji, kusintha thonje, kuthira madzi atsopano. Akachapa madzi ankayera tsiku limodzi, kenako n'kuyambanso kuchita mbuu, ndipo iwo ankawonjeza mphamvu ngati munthu wothira palafini pamoto poyesa madzi. Yachitatu idafa Lachisanu. Yachinayi idalimba mpaka sabata yotsatira, zipsepse zitachita mizere ya magazi, kenako nayonso idagona chammbali.

Idatsala Kondakitala yokha. Idaleka kudya. Inkangokhala pansi pakona, yopanda inzake yoti iikankhe. A Nkhoma adakokera mpando pafupi, ndipo masiku amenewo ankayiwala kutsekula wailesi. Ankailankhula nsombayo. Adaiuza za tsiku limene Lonjezo adabadwa, mvula ikugwa ngati yomweyi, za mmene adakanira sukulu ya zachipatala chifukwa chokonda magalimoto, ndi za mawu owawa amene iwo adamuuza pa nkhani imeneyo, amene sadawabweze mpaka bokosi lidatsekedwa. Nsombayo inkangopuma movutika, diso lili pa iwo.

Lachinayi kudabwera a Fanuel Mbewe, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yoyendera, amene ankapemphera nawo mpingo umodzi. Adabwera kudzaona chimene chidawajombetsa a Nkhoma ku msonkhano wa madoda. Atasamba m'manja pakhonde n'kulowa, adaweramira thankiyo, nanunkhiza madzi, nafunsa zonse zimene zidachitika. A Nkhoma adafotokoza mwatsatanetsatane, ngati wopereka lipoti kwa dokotala wamkulu.

A Mbewe adavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Akulu, mundikhululukire, koma nsombazi sizidafe ndi litsiro. Nsomba imadzithandiza m'madzi momwe ikukhalamo, ndipo zotuluka m'thupi mwakezo ndi poizoni. M'matope a m'siponji muja mumakhala tizilombo tabwino timene timadya poizoniyo. Kuti tichulukane pamatenga mwezi kapena kuposa. Inu mukawiritsa mumatipha tonse, nsomba n'kumasambira m'mikodzo yake yomwe, ngakhale madzi akuwala. Kolorini nayenso amaiwotcha mopumira."

"Tizilombo tabwino," adabwereza a Nkhoma, ngati mawu a chilankhulo chachilendo.

"Tilipo, akulu. Ngakhale m'mimba mwanumo tilimo. Kodi amene ankazisunga kale sadakuuzeni?"

A Nkhoma adayang'ana pansi, pa simenti yawo yowala, naona nkhope yawo momwemo.

"Adandiuza."

A Mbewe adawathandiza kuchotsa theka la madzi n'kuthiramo a pa mjigo opanda mankhwala. Adati china chilichonse chitsale mmene chilili, sefa isakhudzidwenso, kotsala n'kudikira. Sadalonjeze kuti nsombayo ichira.

M'mawa mwake a Nkhoma adavala jekete, natseka nyumba, nakwera kabaza wa ku Chiosya. Mvula idali itagwa usiku wonse, ndipo m'malo ambiri ankatsika n'kumayenda pansi, wakabaza akukankha njinga. Adafika dzuwa lili pamutu, thalauzi litalemera mpaka m'mawondo.

Malita adamupeza kumunda kuseri kwa nyumba ya amayi ake, akubandira chimanga. Ana adali m'mphepete mwa munda akuumba ng'ombe zadothi. Mayamiko sadawalabadire n'komwe. Tamandani atawaona adaimirira msanga, nabisa manja kumbuyo, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo mpaka adakamira m'chitenje cha amake. A Nkhoma adali atamugulira mabisiketi pa Kamwendo. Adawatulutsa m'thumba, koma mwanayo sadasunthe.

Malita adawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, nakhala chapatali monga mwa ulemu. Atalonjerana, a Nkhoma adayamba kulankhula, akutembenuza chipewa m'manja.

"Amake Tamandani, nsomba zija zatha. Yatsala imodzi, nayonso sindikudziwa ngati ndikaipeze. Ndidachita zonse zimene mudandiletsa."

Malita adayang'ana kumbali. Adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo a Tamandani ankazikonda," adatero. "Masiku omaliza aja, atalephera kudzuka, ankati ndiwakokere bedi pafupi ndi galasi."

"Ndalakwa. Ndipo si pa nsomba pokha. Nyumba ija yakula kwambiri. Bwererani. Khoma lija ajambulepo zimene akufuna."

Malita adayang'ana ana ake, nayang'ana mizere ya chimanga imene idatsala.

"Bambo, ine sindikusungirani mangawa. Ndinu agogo awo, ndipo pakhomo pano ndi panu tsiku lililonse. Koma Tamandani wangoyamba kumene kugona osadzidzimuka. Ndamulembetsa sukulu konkuno, ndipo amalume andipatsa munda uwu. Lero mukunena ndi mtima wonse, ndikudziwa. Koma ana sadzaleka kukhala ana, ndipo ine sindingathe kuwanyamula kawiri. Pa Pasaka tidzabwera kudzakuonani."

A Nkhoma adagwedeza mutu. Adadya chimanga chootcha cha kudimba chimene amayi ake a Malita adawapatsa, nasiya mabisiketi aja pamphasa. Ponyamuka, Tamandani adasuzumira kuseri kwa amake n'kufunsa ndi mawu aang'ono:

"Agogo, Kondakitala alipo?"

"Alipo, mwana wanga," adayankha. "Akukupatsa moni."

Adafika pa Kamwendo dzuwa litapendeka, msika ukupasuka. Atatsekula chitseko adamva kapampu kakulira bwinobwino, madzi akugwa mwa nthawi zonse. Kondakitala idali itakanirira pa kapaipi kokoka madzi, thupi litapindika, mtundu wake wa lalanje utayamba kutuwa.

Adaitulutsa ndi manja awo, osavala magolovesi. Adaikulunga m'mpango wa m'thumba n'kukaikwirira kuseri, pansi pa mtengo wa gwafa. Kenako adabwerera pabalaza n'kukhala pampando uja. Kapampu sadakazimitse tsiku limenelo, ngakhale mawa lake, ngakhale sabata yotsatira. A Mbewe atabweranso adapeza sefa ikusefa madzi opanda kanthu, ndipo atafunsa chifukwa chake, a Nkhoma adati akazimitsa m'nyumbamo mumakhala zii kwambiri.

Pa Pasaka Malita adasunga mawu ake. Adabwera ndi ana m'mawa, nabwerera madzulo a tsiku lomwelo. Anawo adakhala pa sofa mwaulemu, miyendo ili pamodzi, osakhudza kanthu, ngakhale agogo awo adawachonderera kuti azisewera. Adabweranso pa Khirisimasi, kenako maulendo adayamba kutalikirana monga zimakhalira. A Nkhoma adakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi m'nyumba imeneyo, okha, ndipo odutsa pa njira ya kuchigayo ankawaona pakhonde madzulo aliwonse akuyang'ana kumsewu kumene kabaza amatsitsira anthu.

Adafuna mawu a ana m'nyumba koma osafuna mapazi awo. Adafuna nsomba zamoyo koma osafuna zimene zimasunga moyo wa nsomba. Zonse ziwiri Mulungu adawapatsa m'manja, ndipo zonse ziwiri adazichapa mpaka kuzitha. Akuluakulu adaona kale zoterezi pamene ankati: walira mvula, walira matope.